Timasipika Tiwiri ta ku Joni

Ine kupita ku Joni sindinachite kufuna. Ndinene kaye zimenezi, chifukwa alipo anthu kunoko amene amayankhula ngati tinkapita kukasewera. Chaka chimenecho fodya anandikana. Ndinalima bwinobwino, kusoka, kupachika m'chigafa, kudinda mabelo, koma atafika ku okushoni anagulidwa pa mtengo woti ukaumva umangofuna pokhala. Ndinabwerera kuno kufupi ndi Nambuma, kumene ndili pa chikamwini, n'kuwapeza akazi anga, a Nabanda, akuswa mtedza pakhonde. Anangondiyang'ana m'manja, n'kupitiriza kuswa mtedza wawo. Pomwepo ndinati basi, ndipite kumene anzanga amapita, mwina nane n'kudzakhomako malata.

Ndisananyamuke ndinapalasa njinga kupita kwathu, cha ku Kabudula, kukatsanzika amayi. Tsono amayi angawo muwadziwe, chifukwa nkhani yonseyi ndi yawo. Anali munthu wa mawu apansi. Chibadwire changa sindinawamvepo akukuwa, ngakhale pothamangitsa mbuzi m'munda. Akafuna kukudzudzula ankakuitana pafupi, iwe n'kuwerama kuti umve, ndiye pamene wawerama paja ndi pamene mawu ankakulowa. Kutchalitchi ankaimba, koma wowamva anali yekhayo amene wakhala nawo benchi limodzi. Tsiku limenelo anandiperekeza mpaka pa mtengo wa mango wa kunjira, n'kunena kuti, "Akuti kumeneko kumazizira. Uzikadya, Fabiano." Basi.

Za ku Joni sindinena zambiri, amene anapitako akudziwa. Ndinayamba ndi ntchito ya m'maluwa pa nyumba ina, kenako ndinaphunzira kupenta. Ndinkagona m'kachisakasa ka malata, kumeneko amati mkuku, ndipo khoma langa linali khoma lomwelo la munthu wa mbali inayo. Munthu ameneyo anali ndi sabuufa. Loweruka likafika, kapu ya pa tebulo inkayenda yokha mpaka kugwa. Sunkamva nyimbo ayi, unkangomva du, du, du m'chifuwa, ngati wina akusinja pamsana pako. Kudandaula sungathe, ndiwe mlendo, mapepala ako ndi okayikitsa. Unkangogona chagada n'kumayang'ana malata akunjenjemera. Ine ndinasungulumwa pakati pa phokoso, ndipo kumeneko ndi kumene ndinadana ndi chinthu chilichonse cholira mopanda ulemu. Mpaka lero, ngakhale njinga yamoto ikadutsa ndi wailesi yake yokweza, mano anga amalumana okha.

Ndalama ndinkatumiza. Sizinali zambiri koma sindinkadumphitsa. Nyumba inamangidwa, ya njerwa zootcha, malata pamwamba, sola, batire, mpaka pulazima pakhoma. Zonsezo ndinkaziona pa zithunzi za pa foni, ndili chikhalire pa ndowa ya penti. Mauthenga ochokera kumudzi nawo ankafanana: moni pang'ono, kenako feteleza, kenako fizi ya mwana wathu Rozi, kenako alamu anga akuti njinga yawo yathyoka foloko. Sindikudandaula, ndi zimene ndinapitira. Koma nthawi zina unkalakalaka wina atangoimba n'kufunsa kuti kodi wadzuka bwanji, n'kudula, osatchula kanthu kena.

Ndiye masiku a m'pasipoti anatha ine ndili komweko. Ukatero wadzitsekera wekha, ukatuluka subwereranso. M'nyengo yomweyo amayi anadwala. Anawatenga kwathu kuja n'kubwera nawo kunyumba kwanga kuno, poti chipatala cha mishoni chili pafupi, komanso mlongo wanga ali kutali ku banja. Amene ankawasamala ndi a Nabanda. Tsiku lina ndinawapempha kuti andijambulire amayi pa foni, ndiwaoneko. Anatumiza kavidiyo kakafupi. Amayi akhala pa mpando pakhonde, afunda chitenje, aonda, milomo ikugwedera. Koma mawu osamveka. Kunali mphepo tsiku limenelo, nkhuku zikulira, chigayo chikulira kutali, ndipo za mawu a amayi ndakuuzani kale. Ndinaika foni pakhutu mpaka khutu kutentha. Ndinkangotola dzina langa lokha.

Sipanapite nthawi, anamwalira. Ine sindinabwere. Ndinatumiza ya bokosi, ya chakudya cha adzukulu, ya zonse, koma dothi sindinaponye. Ndikudziwa zimene zinayankhulidwa pasiwa, zoti mwana wamwamuna wasankha ndalama. Zinandifika. Zoterezi sizisochera, zimawoloka malire popanda pasipoti. Tsiku la maliro ine ndinali pa makwerero, kupenta khoma la munthu wosadziwa n'komwe kuti ndili ndi mayi.

Chimene ndinatsala nacho ndi kavidiyo kaja. Ndinakasamutsira pa kamemore kuti foni ikabedwa kasatayike. Ndinayesa timahedifoni ta pamsika, mphepo ija inkangolasa m'makutu, amayi osatuluka. Ndiye m'mutu mwanga munalowa chinthu chimodzi, ndipo sichinachokenso: ndikadzabwerera, ndidzakhale pabalaza panga, ndiwaike amayi pa pulazima paja, ndimve chimene ankandiuza. Rozi nayenso amve agogo ake. Kodi pamenepa ndinalakwa? Ena amabwera ndi galimoto. Ine ndinkangofuna masipika.

Ndinayamba kuyenda m'mashopu Lamlungu ndikatuluka ku Misa. Apa ndinene bwino, mwina wina zimuthandiza, chifukwa ine ndinaphunzira ndi miyendo. Wogulitsa sipika amadziwa kuti ife timagula ndi maso. Amakuonetsa chachikulu, chofika m'chiuno, cha magetsi ofiira ndi obiriwira ozungulira, pa katoni atalemba manambala aatali, ati mawatsi. Amakuikira nyimbo ya ng'oma zamphamvu n'kukweza mpaka buluku kugwedera, iwe n'kuti eya, ichi ndiye chinthu. Koma tachinyamula, chopepuka ngati dengu. Tachigogoda, chikulira ngati chigubu chopanda madzi. Ine ndinkati, achimwene, tazimitsani nyimbo yanuyo muike ichi, n'kuwapatsa kamemore kanga. Ena ankakana. Ena ankaika akuseka. Chimene chinkatuluka, mphepo ija inkasanduka bingu, chigayo chija ngati chili m'shopu momwemo, amayi ngati akuyankhulira mu mgolo. Ndinkalanda kamemore kanga n'kutuluka.

Zabwino zenizeni zinaliko, m'mashopu a magalasi aja, koma mtengo wake wa ng'ombe. Kumeneko ndinkangoonera panja, mlonda akundiyang'ana nsapato.

Ndinadzazipeza m'shopu ya katundu wakale, mafiriji, mipando, mawailesi, kumene kunkagwira ntchito bambo wina wa ku Mangochi, a Yusufu. Nditawafotokozera sanaseke. Anati mawu a munthu sakhala mu du du muja, amakhala pakati, ndiye ndisafune chogwedeza nyumba, ndifune chotulutsa pakatipo. Analowa kuseri n'kutuluka ndi timasipika tiwiri ta matabwa, takuda, kutalika kuchokera pa chigongono kufika pa zala, kena kokalika pakona. Nditanyamula kamodzi ndinadabwa kulemera kwake. Anandionetsa kugogoda, kuti bokosi labwino limayankha mwachidule ngati chitseko cha mlombwa. Anandionetsa kuyang'ana kamphira kozungulira kaja ngati sikanang'ambike, kukankha pang'ono ndi zala kuti umve ngati m'kati simukukhulana, ndiponso kununkhiza kumbuyo, poti sipika yopsa fungo lake silibisika. Anandifunsa ngati nyumba yanga ili ndi siling'i. Ndinati malata okhaokha. Anati ndiye chachikulu chikangoliza malata anuwo, komanso batire la sola silichedwa kutha nacho.

Anatiika kena uku, kena uku, motalikirana, n'kundikhazika pa mpando pakati kuti tilingane ndi makutu anga. Analumikiza kaampu kakang'ono, kopatsa masipika mphamvu. "Musakweze," anatero. "Sipika yabwino imadziwika ili pansi." N'kuika kavidiyo kaja.

Mphepo inalipo, koma inali kumbuyo, kumalo kwake. Nkhuku kumalo kwake. Ndipo kutsogolo, pakatikati pa timabokosi tiwiri tija, pamene panalibe kanthu, panali amayi. Ndinawamva akumeza malovu asanayambe. Anati, "Fabiano, ukudya koma? Ine ndili bwino, usadandaule. Anzakowa akundisunga." Kenako anapuma, mpweya ndinaumva, n'kuseka pang'ono, kaya ndi nkhuku inadutsa. Basi, kavidiyo n'kutha. Si mawu ambiri, eti? Ine ndinawerama ngati ndikuona mawaya. A Yusufu anapita kukapukuta mafiriji amene anali opukutidwa kale.

Mtengo wake unali woti munthu wopenta nyumba angathe, atadzimana nyama kwa kanthawi. Ndinalipira pang'onopang'ono, n'kutenga timasipika tiwiri, kaampu ndi mawaya ake. Mu mkuku sindikanasunga, kuli akuba komanso chinyontho, ndiye ndinaika m'katoni, kukulunga ndi mabulangete, n'kupereka kwa transipota pamodzi ndi katundu wina kuti zitsogole. Ine ndinatsalira kumaliza nyumba imene ndinkapenta kuti ndipeze yokwerera. Kwa a Nabanda ndinatumiza mauthenga a mawu, osati umodzi. Ndinati katoni yaing'onoyo musabwereketse munthu, musaike pansi, ndikabwera tidzamvera amayi pamodzi pabalaza. Ndinanena ndithu chimene ndagulira, sindinabise. Iwo ankangoyankha kuti, "Tamva."

Tsiku lobwera ndinatsika minibasi pa Nsaru n'kukwera njinga yamoto ya kabaza. Wa kabazayo atamva dzina la mudzi anatembenuka n'kuti, "Kodi ndinu eni ake a sipika ija? Bwana, pajatu munagula." Ndinasangalala, ndisaname. Ndinati kani anthu akwathu makutu ali nawo. Pofika m'mudzi, mayi wina wa mu mphakati wathu wa kutchalitchi anandigwira dzanja ndi manja awiri, kuthokoza kuti pa maliro a amuna ake uthenga unamveka mpaka kudambo chifukwa cha ine. Timasipika tanga tija kumveka mpaka kudambo?

Nditalowa pabalaza ndinachipeza chisipika. Chili pakona, chofika m'chiuno, cha matayala ngati sutikesi, cha pulasitiki, magetsi ozungulira, pamwamba atayalapo kansalu koluka ndi maluwa ogula. Chenicheni chija ndinkachithawa m'mashopu a ku Joni. Chinandidikirira m'nyumba mwanga momwe.

Alamu anga a Gervazio, alongo awo a akazi anga, amenenso ndi eni mbumba pamudzi pano, anabwera osaitanidwa, akumwetulira ngati munthu woyembekezera kuthokozedwa. Anafotokoza kuti tsiku limene katundu anafika anthu anadzaza pakhomo, paja katundu wa ku Joni satsegulidwa mobisa. Mabulangete atatuluka anthu anaombera m'manja. Mapoto, anaombera. Atatsegula katoni ija n'kutulutsa timabokosi tokalika, wina anafunsa ngati ndi misampha ya makoswe, anthu n'kufa nacho chiseko.

"Alamu, anakuberani kumeneko," anatero a Gervazio. "Zaka zonsezi, n'kubwera ndi tinthu takale, topanda ndi getsi lomwe? Ine sindikanalola dzina lanu linyozeke. Ndinapita nato pa Nsaru, ndinasinthitsa, ndinawonjezerapo ndi mbuzi yanga. Musavutike kuthokoza, ndife amodzi."

Ndinawafunsa ngati anatiyesa n'komwe, kutilumikiza n'kumvera. Anati kuyesa chiyani, chinthu chimaoneka. Ndinawafunsa za uthenga wanga. Anati uthenga anaumva, koma munthu ali kutali sadziwa zimene mudzi ukufuna. Ati zidze pano n'zatonse, chinthu cholira sichikhala cha munthu mmodzi, nanga pa chinkhoswe kapena pa maliro timabokosi tanuto akanamva ndani? Anandiwerengeranso midzi imene chisipikacho chafikako, ngati akundiwerengera ana anga.

Ndiye taganizani. Ine kuyenda mpaka miyendo kutupa, kusankha ndi makutu anga, munthu wina n'kudzasintha ndi maso, osamvera ngakhale kamodzi, ndiye ndimuthokoze. Ndimuthokozenso ndi za mbuzi. Chinthu chimene chinatengera munthu wodziwa kundikhazika pa mpando n'kundiphunzitsa, chinaweruzidwa ndi chiseko cha pakhonde. Ndipo kukalipa sindingathe, chifukwa nyumbayi njerwa ndi zanga, malata ndi anga, koma dothi limene yakhalapo ndi lawo. Mkamwini amakwiyira m'mimba. Ku Joni ndinkakhala chete poti ndine mlendo. Ndafika kwathu, ndikhalenso chete, poti ndine mlendo.

M'mawa mwake ndinati mwina ndikuchinamizira, ndichiyese. Ndinachilumikiza ku pulazima n'kuika kavidiyo. Nkhope ya amayi inadzaza khoma. Kenako bingu. Malata analira, maluwa aja anayamba kuvina, magetsi ofiira ndi obiriwira akuzungulira ngati m'bala, kumawalira pa nkhope ya mayi anga odwala. Ana a pamudzi anathamangira pawindo, ati kwayamba filimu. A Nabanda, amene ankalowa ndi ndowa ya madzi, anaitula pakhomo pomwepo n'kubwerera panja osacheuka. Ine ndinati ndi manyazi ndi zimene achita alongo awo. Ndinazimitsa.

Tsiku la msika ndinapita pa Nsaru. Sindinavutike kufunafuna. Munthu amene anasinthana ndi alamu anga ali ndi vidiyosho, ndipo timasipika tanga anatimangirira ndi waya pa nsanamira panja, padzuwa ndi fumbi, kuti tiziitana anthu. Anatilumikiza ku chiampu chachikulu n'kukweza mpaka pomaliza, filimu ya nkhondo, mfuti zokhazokha. Kamodzi kankangolira ngati pepala likung'ambika. Ndinakanunkhiza kumbuyo monga anandiphunzitsira a Yusufu. Kanapsa. Paja ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, koma iyi sinafune yokha kulira choncho, anachita kuikakamiza. Kaampu kanga anagulitsa kalekale, akuti kwa munthu wa ku Mpingu amene dzina lake sakulidziwa.

Ndinamuuza kuti tinthu timeneti si ta panja, ndi ta m'nyumba, timafuna kuyankhula motsitsa. Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. "Madala," anatero, "sipika yosakuwa ndi ya ntchito yanji?" Ndinamupempha andibwezere kotsalako. Ati malonda akatha atha. Mapeto ake ndinagula. Eya, ndinagulanso chinthu changa chomwe, kwa munthu amene anachiwononga, iye akuchita ngati akundichitira chifundo. Pa benchi lina ndinagula kaampu kotchipa ka batire, n'kumanga zonse pa keliyala ya njinga. Njira yonse ndinkayankhula ndekha, anthu n'kumandipatukira.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Ndinakapukuta fumbi kasipika kaja, n'kukaika pa tebulo pabalaza, n'kuyamba kusenda mawaya. A Nabanda anaima pakhomo la kuchipinda, manja atapinda m'chitenje.

"Abambo ake a Rozi," anatero, "m'nyumba muno ayi."

Ndinafunsa kuti m'nyumba mwa yani. Apa ndiye ndinamasuka, zonse zimene ndinalephera kuwauza alongo awo ndinawakhuthulira iwo: kuzizira, mkuku, penti m'maso, kuthawa apolisi, kudya buledi wouma kuti pano pakhale malata. Anandisiya mpaka nditatha. Kenako ananena kuti a Gervazio sanadzitume okha. Anthu atabalalika tsiku la katundu lija, ndi iwo a Nabanda amene anakawaitana n'kuwauza kuti tinthuti tichoke pano, musinthe ndi chilichonse. Alongo awo anangokondwa, poti nawo mtima unali kale pa chachikulu.

"Inu mukufuna kuwamva chifukwa simunawamve," anatero, mawu ali pansi. "Ine ndinawamva. Chipinda icho. Mukudziwa mmene ankabuulira? Kavidiyo kanuko ndinachita kuwabereka kumsana kuwatulutsa panja, kuwatsamiritsa ndi pilo kuti asagwe. 'Ndili bwino' ameneyo anachita kubwereza mpaka atamveka ngati zoona, ati mwana wanga asasiye ntchito. Nditangozimitsa foni anakomoka m'manja mwangamu. Ndiye inu mukufuna muziwaika pakhoma Lamlungu lililonse, azinena kuti ali bwino, ine ndikusesa?"

Mkwiyo sunathe, ndisakunamizeni. Ndinafunsa kuti bwanji osandiuza pa foni, m'malo mwa "tamva" uja. Anati munthu ali kutali, mayi ake sanawaike, chimene wagwira m'manja ndi chokhacho, ungamulande pa foni? Ndinati ndiye kundilanda ndi manja a alongo anu ndiye kwabwino? Anatenga ndowa n'kupita kumjigo, ngakhale madzi anali odzaza m'nyumba.

Ndakhala ndikuziganiza zimenezi, ndipo sizikulongosoka m'mutu. Alamu anga ndiye sindinawamvetse mpaka pano. Iwo za kubuula sankazidziwa, iwo ankangofuna magetsi ozungulira, ndipo nkhani ya mbuzi ija amaitchulabe tikakumana, mochita kuzungulira, kuti mbuziyo bwenzi pano itaswa. Wa vidiyosho uja ndikamudutsa ndimayang'ana kumbali. Amene anatchula za misampha ya makoswe ndinamudziwa, timapemphera limodzi, ndipo pa moni wa mtendere dzanja ndimapereka koma mtima umatsalira. A Nabanda okha ndi amene ndimalephera kuwaweruza, komanso ndimalephera kunena kuti anachita bwino. Akanandiuza. Kapena mwina akanandiuza sindikanamva, kaya. Amayi ndi amodzi omwewo, koma iwo anatsala ndi kubuula, ine ndinatsala ndi "ukudya koma", ndipo zinthu ziwirizi sizikhala pabalaza limodzi.

Ine ku Joni ndinkaganiza kuti kwathu ndi kumene munthu amatseka chitseko n'kumva zake. Si choncho. Kunoko chimene chili chako ndi chokhacho chimene anthu sakuchifuna. Chisipika chija pano chimayenda pa wilibala mudzi ndi mudzi, ku chinkhoswe, ku maliro, ku msonkhano wa mphakati, ndipo anachipatsa dzina langa. Umamva ana akuti lero Fabiano ali kwa a uje, dzulo Fabiano anatha batire. Anthu amene ankati ndinasankha ndalama m'malo mwa mayi anga, ndi omwewo akundipatsa mpando wa kutsogolo chifukwa cha chinthu chimene sindinachisankhe ndipo sindichifuna. Ndikati ndifotokoze kuti si changa, amati a Fabiano ndi odzichepetsa.

Kasipika kanga kamakhala m'thumba la feteleza, pansi pa bedi. Lamlungu masana ndimakatenga pamodzi ndi kaampu ndi batire, n'kupita nako m'chigafa chija, poti fodya sindinayambirenso. Ndinatchinga mbali ya mphepo ndi udzu, n'kukhoma thabwa pa nsanamira molingana ndi khutu langa. Poti ndi kamodzi, amayi saimanso pakati ngati m'shopu muja, amatulukira m'bokosi. Koma mawu amamveka. Rozi anabwerapo kamodzi, anamvera, analira, sanabwerenso.

Lamlungu lapitali kunali chinkhoswe tsidya la dambo, ndipo Fabiano wawoyo anali komweko. Du, du, du ankafika mpaka m'chigafa, udzu kumanjenjemera, ine chikhalire pa chitsa ngati mu mkuku muja. Ndinadikira mpaka atazimitsa kuti ankhoswe ayankhule. Kutangoti zii ndinaika kavidiyo, motsitsa. Amayi anameza malovu n'kufunsa kuti, "Fabiano, ukudya koma?" Ndinamva tsamba louma kuseri kwanga. Nditacheuka, pamphepete pa chigafa panali mbale ya mbatata yovundikira, ndipo a Nabanda anali akubwerera kunyumba, akuyenda mofulumira kuti mawu otsatirawo asawapeze.